Mnzanu akukana kuonedwa? Pitanibe

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, achemwali. Mwati mnzanu wa ku Moatize anachita sitiroko chaka chatha, mkono wamanja sugwira, ndipo tsopano akukana alendo, ngakhale inu amene. Mukufunsa ngati kuli bwino kumusiya kaye. Mwandikhudza pachilonda.

Ine ndi mnzanga tinagulitsa mbatatesi limodzi pamsika wa Ulónguè zaka zambiri. Iyeyo ndiye ankapita ndi matumba ku Tete, poti ine kutentha kwa kumeneko sindikutha, thupi linazolowera mphepo ya ku Angónia. Tsiku lina m'mawa akubweza chenje, ndalama zinangopulumuka m'manja. Kamwa linapotokera mbali imodzi, mawu osamveka. Ife tinamugoneka pamthunzi n'kumumwetsa madzi, tikuti ndi njala. Tinachedwa. Lero ndikudziwa kuti kamwa likapotoka, mkono ukafooka, lilime likalemera, ndi kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo madzi aja akanatha kumutsamwitsa.

Atatuluka m'chipatala, pakhomo panali anthu mbwee. Amayi amumpingo, anzathu apamsika, abale a ku Dedza odutsa pa Calómuè atanyamula shuga ndi sopo. Pofika mwezi wachitatu kunali zii. Nanenso ndinazilala, ndisaname. Anatuma mwana wake kudzandiuza kuti ndisamavutike kubwera, ine n'kumvera, mumtima ndikupumako. Mpaka lero zimandiwawa.

Nditapita patatha mwezi, ndinamupeza kuseri kwa nyumba ali pamphasa, chitenje chitamasuka, akulimbana nacho kuti achimange ndi dzanja limodzi, misozi ili chuchuchu. Sikuti ankakana ine. Anali manyazi. Mayi amene ankadzitwika yekha thumba la mbatatesi, lero azithandizidwa kuvala, anthu akumuyang'ana ndi nkhope za pamaliro? Ndani angafune zimenezo?

Ndipo pano ndinene zondikwiyitsa. Ena mwa obwera kudzazonda aja ndi amene anamuuza kuti walodzedwa ndi anzake apamsika, asiye mapilitsi a BP. Anasiyadi kwa milungu ingapo. Anthu inu, kuthamanga kwa magazi sikuwawa, munthu amayenda bwinobwino makina akuonetsa kuposa 140/90. Mankhwala ake ndi a tsiku ndi tsiku, ngakhale ukumva bwino, ndipo kusiya ndiko kuitana sitiroko yachiwiri. Pempherani, inenso ndimapemphera, koma mapilitsi a wodwala musawakhudze. Wouza wodwala kuti asiye mankhwala si bwenzi, kaya akhale m'bale wa bere limodzi.

Nkhani ya mchere nayonso. Kuno timakonda chicoa, nsomba youma yothira mchere ya ku Cahora Bassa, ndipo mlendo aliyense ankabwera nacho ati wodwala amve kukoma mkamwa. Mtima wabwino ndithu, koma mchere wake! Munthu wamkulu sayenera kupyola magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuphatikiza wa m'ndiwo zonse. Ndinayamba kuchiviika m'madzi usiku wonse, kenako tinangosinthira ku nyemba ndi nkhwani wotendera. Anadandaula masiku angapo, n'kuzolowera.

Ndiye muchite chiyani?

Pitani. Musafunse kuti "ndikuthandizeni chiyani", adzati palibe. Sankhani tsiku limodzi pasabata, lisamasinthe. Muperekezeni kukayezetsa BP, mumukumbutse mafizo amene achipatala anamuonetsa. Ngati sadzuka, azitembenuzidwa maola awiri alionse kuopa zilonda. Omusamalirawo apumitseni, nawonso atopa.

Koma chachikulu, mupite ndi ntchito yoti akuthandizeni iyeyo. Ine ndinayamba kupita ndi ndalama zapamsika m'kachikwama, n'kumuuza kuti masamu andisokonekera, poti pa awirife wamasamu anali iye. Ankayala mametikali pamphasa, kuwerenga ndi dzanja lamanzere pang'onopang'ono. Tsiku lachitatu anandikalipira kuti ndikukongoza anthu mbatatesi mosasamala. Mawu anali olemera, koma anali ake. Ndinabwerera kunyumba ndikulira njira yonse, ndipo Lachinayi likubwerali ndikupitanso.