Yankho kwa azakhali pa za mwana wokana nsima

Azakhali, ndamva uthenga wanu, woti chiyambire maphunziro a kadyedwe ku University of Zimbabwe mtsikana wathu wasiya nsima, mafuta ophikira ndi shuga, ndipo chakudya amachita kuyeza pa sikelo. Mwafunsa ngati ndi sukulu chabe kapena matenda.

Kusamala zakudya si vuto, koma malamulo ake akayamba kumulamulira, pamenepo zavuta. Dokotala wa ku America, Steven Bratman, analitcha vutoli orthorexia mu 1997. Munthuyo kwenikweni sakufuna kuonda, akufuna kudya zokhazo zimene iye akuti n'zabwino, ndipo mndandanda wa zololedwa umanka nuchepa. Ophunzira za kadyedwe n'kosavuta kukodwa, chifukwa tsiku lonse akuwerengera ma calorie (muyezo wa mphamvu za m'chakudya) ndi kulemba zimene adya, ndiye anzawo n'kumawayamikira.

Inu muone izi. Akalakwitsa lamulo lake, amadziimba mlandu kapena kusala chakudya mawa lake? Amazemba ukwati kapena kucheza kwa abale ku Mbare poopa zophika ena? Tsitsi likuthothoka, amamva kuzizira ngakhale mu Okutobala, chizungulire akadzuka? Chachikulu ndi msambo: ukasowa miyezi 3 asali woyembekezera, musadikirenso. Munthu wotalika mamita 1.6 akatsika pansi pa makilogalamu 47, BMI yake (muyezo woyerekeza kulemera ndi kutalika) yatsika pansi pa 18.5, ndiye kuti waonda mopitirira.

Zimene wasiyazo zili ndi ntchito. Munthu amafunika magalamu pafupifupi 130 a carbohydrate (chakudya chopatsa mphamvu) patsiku, makamaka a ubongo, ndipo nsima ndiyo imatipatsa ambiri. Mavitamini A, D, E ndi K salowa bwino m'thupi popanda mafuta, ndiye rape wowiritsa m'madzi okha amataya phindu lina. Akasiyanso nyama, mazira, mkaka ndi matemba, vitamini B12 sakuipeza, magazi amachepa, manja n'kumachita dzanzi.

Chonde musakangane naye za sayansi, akupambanani, ndiye adzalimbikira. Musamunyozenso pagulu. Mukhale naye awiri, munene zimene mwaona: "Sukudyanso nafe, ndipo ukutopa msanga, ndili ndi nkhawa." Kenako mupite naye kukiliniki, akayeze kuchuluka kwa magazi, ayironi, B12 ndi potaziyamu. Nkhawa nayonso imafuna thandizo lake: kuli agogo a Friendship Bench, ophunzitsidwa kupereka uphungu, m'makiliniki ambiri, ndipo zikakula, madokotala a maganizo ali ku Annexe ya chipatala cha Parirenyatwa ku Harare.

China, ngati waonda kwambiri, musamukakamize mbale yodzaza tsiku limodzi. Thupi losowa chakudya likalandira zambiri mwadzidzidzi, michere ya phosphate ndi potaziyamu imatsika m'magazi, mtima n'kusokonekera. Awonjezere pang'onopang'ono, kudya katatu ndi tina tapakati, a chipatala akuyang'anira. Koma akakomoka, kapena mtima ukamagunda mosalongosoka, m'tengereni ku casualty, kolandirira odwala mwadzidzidzi, tsiku lomwelo.