Tifunseni za Luso: Kodi chithunzi changa chingapachikidwe ku Royal Academy?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndimakhala ku Leicester, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, koma ndikaweruka ndimajambula ndi penti, makamaka nkhope za anthu ndi misika ya kumudzi. Sukulu ya zojambula sindinapiteko. Mnzanga akuti ku London kuli chiwonetsero cha nyengo yotentha chimene aliyense angatumizeko chithunzi chake. Kodi ndi zoona, kapena ndi za anthu otchuka okha? Mayi wa ku Leicester.

YANKHO: Mayi, mnzanuyo sananame. Akunena Summer Exhibition ya Royal Academy of Arts, bungwe la akatswiri a zaluso, ku Burlington House mumsewu wa Piccadilly. Chiwonetserochi chakhala chikuchitika chaka ndi chaka kuyambira mu 1769, ndipo nthawi zambiri chimatsegulidwa mu Juni mpaka Ogasiti. Ngakhale nkhondo ziwiri zikuluzikulu sizinachiimitse. Mu 2020 mliri wa Covid unangochikankhira ku miyezi yozizira.

Satifiketi safunsa. Kumayambiriro kwa chaka mumalipira kangachepe, n'kutumiza pa intaneti chithunzi cha ntchito yanu. Munthu mmodzi amaloledwa ntchito ziwiri basi. Akakusankhani pa gawo loyambali, mumanyamula ntchito yeniyeniyo kupita nayo ku London kuti oweruza akaione ndi maso. Zotumizidwa zimaposa 10,000, zopachikidwa zimangopitirira 1,000, ndipo mwa zimenezi malo ena ndi a mamembala a Academy, amene amaloledwa kuika ntchito mpaka 6 popanda kuweruzidwa. Ndiye akakukanani musadwale nazo mutu. Oweruza amayang'ana chithunzi chilichonse kwa kamphindi kochepa kwambiri, ndipo nthawi zina chimagwa chifukwa choti sichikugwirizana ndi mtundu wa khoma la chipinda chimene wina akukonza.

Za sukuluzo, ndikuuzeni za 2021. Chaka chimenecho woyang'anira chiwonetsero anali Yinka Shonibare, wa ku Britain ndi Nigeria. Iye anaika patsogolo ntchito za anthu odziphunzitsa okha, ndipo anayambira pa Bill Traylor, bambo wa ku Alabama ku America amene anabadwira mu ukapolo n'kuyamba kujambula ali ndi zaka za m'ma 80, pa timakatoni totola mumsewu. Inu mwayamba msanga.

Koma ndisakunamizeni kuti ndi malo abata. Zithunzi amazithithikiza kuyambira m'munsi mpaka pafupi ndi denga, ngati kaunjika pa msika, cha katswiri wodziwika pambali pa cha mphunzitsi wopuma ntchito. Chanu chikhoza kukwezedwa pamwamba poti munthu achite kukweza khosi. Kulimbirana maso a anthu kumeneku n'kwakale. Mu 1832, chiwonetsero chikadali ku nyumba ina ya ku London yotchedwa Somerset House, katswiri wojambula J.M.W. Turner anaona kuti chithunzi chake cha nyanja chikuoneka chozizira pambali pa cha katswiri mnzake John Constable chodzaza mitundu yowala. Anabwera ndi burashi, n'kudontheza kadontho kofiira pamadzi ake, kenaka n'kukasandutsa chizindikiro choyandama cha oyendetsa zombo. Maso onse anatembenukira kwa iye. Ine ndimaona kuti phunziro lake n'loti m'khoma lodzaza chonchi, chithunzi chaching'ono chokhala ndi chinthu chimodzi champhamvu chimaposa chachikulu chodzaza zambirimbiri. Pa zanu ziwirizo, ndikadatumiza nkhope, osati msika.

Ntchito zambiri kumeneko zimagulitsidwa, ndipo yogulidwa amaimata kadontho kofiira. Academy imatengapo gawo lake, ndipo ndalamazo zimathandiza sukulu yawo ya zaluso, kumene ophunzira salipira fizi. Choncho poika mtengo muwerengere gawo limenelo, felemu, ndi tikiti ya sitima yopita ku siteshoni ya St Pancras ku London ndi kubwerera. Ndipo chithunzi chotumiza pa intaneticho muchijambule masana pafupi ndi windo, osati usiku pansi pa babu la kukhitchini, chifukwa oweruza adzayamba kuona chimenecho.