Sputum, spit ndi haemoptysis: kodi mawuwa ndi apachibale?

Mayi wina wogwira ntchito mulabotale watilembera kalata yofunsa motere: "Ndimayeza makhololo a odwala chifuwa chachikulu. Pafomu timalemba sputum, ndipo wodwala akamatsokomola magazi timalemba haemoptysis. Angerezi akafuna kunena kulavula amati spit. Kodi mawuwa anachokera kumodzi, kapena angofanana mwangozi?"

Mayi, khutu lanu silinakunamizeni. Mawuwa ndi a mtundu umodzi, ngakhale kuti umboni wamphamvu wa ubale wawo ukupezeka pamene akusiyana.

Chilatini, Chigiriki, Chisansikiriti (chinenero chakale cha ku India), Chirasha ndi Chingerezi zinabadwa kuchokera ku chinenero chimodzi chimene akatswiri amachitcha Proto-Indo-European. Chinkalankhulidwa zaka zoposa 5,000 zapitazo, ndipo ambiri amati kwawo kunali kuzidikha za kumpoto kwa Black Sea. Palibe anachilemba, choncho mawu ake timawapeza poyerekeza zinenero zimene chinabereka, n'kuika kanyenyezi kutsogolo posonyeza kuti ndi mawu ongolumikiza. Muzu wa kulavula amaulemba *spyeu-.

Tsegulani Yohane 9:6, pamene Yesu analavula pansi n'kukanda thope ndi malovuwo. Chigiriki chimati eptusen. Baibulo la Chilatini limati expuit, malovuwo n'kuwatcha sputo, amene ndi sputum wa pafomu yanu uja. Wulfila, amene anamasulira Baibulo m'Chigotiki, chinenero chakale cha m'banja la Chijeremani, m'zaka za m'ma 300, analemba gaspaiw, kuchokera ku mneni speiwan. Chirasha chimati plyunul na zemlyu. Ongoyang'ana pamwamba anganene kuti ptu- ndi plyu- sizigwirizana ndi spu-. Koma kusiyana kulikonse apa kuli ndi lamulo lake, ndipo lamulolo limagwiranso ntchito m'mawu ena osakhudzana ndi malovu.

M'Chigiriki, p akatsatana ndi y amasanduka pt. Mneni woti kuba, tsinde lake ndi klep-, koma atalandira y anakhala kleptō. Momwemonso *pyu- anakhala ptuō. Ndiye haemoptysis ndi haima, magazi, kuphatikiza ptusis, kulavula. Ptyalin, dzina lakale la chinthu cha m'malovu chimene chimayamba kugaya nsima ikadali m'kamwa, likuchokera ku ptualon, malovu.

Za Chirasha ndiye zimatikoma kwambiri. M'zinenero za Asilavo, p, b, m kapena v akatsatana ndi y, pakati pamalowa l. N'chifukwa chake ku Lithuania amati spjauti koma ku Russia amati plevat', ku Poland pluć. Bwererani ku vesi lija: plyunul na zemlyu, analavula pansi. Liwu loti zemlya, nthaka, nalonso lili ndi l wolowerera yemweyo, pamene ku Lithuania nthaka ndi žemė, popanda l. Lamulo limodzi laonekera kawiri m'mawu atatu okha.

Nanga s woyambirira anapita kuti? M'banjali muli mizu yambiri imene s wake amapezeka kwina, kwina n'kusowa. M'Chigiriki momwemo denga ndi stegos komanso tegos. Chilatini ndi zinenero za Chijeremani zinamusunga, Chigiriki ndi Chisilavo zinamutaya.

Kwa Angerezi, s ameneyu anateteza p. Lamulo limene Jacob Grimm analongosola mu 1822 limati p wakale anasanduka f m'zinenero za Chijeremani: pater wa Chilatini ndi father, piscis ndi fish. Koma p wokhala pambuyo pa s sanakhudzidwe, ndiye pali speiwan, speien wa Chijeremani ndi spew wa Chingerezi. Apa tikonzeko pang'ono funso lanu: mwana weniweni wa muzuwu m'Chingerezi ndi spew, amene masiku ano amatanthauza kusanza. Spit anachokera ku spittan wa Chingerezi chakale, mphukira ya pambali ya banja lomweli. Musamusokoneze ndi spit wina, chitsulo chowotcherapo nyama, amene ndi mawu ena ndithu.

Chovuta ndi Chisansikiriti, chimene chimati ṣṭhīvati. Kamvekedwe ka ṣ kamatuluka lilime litapindikira kumbuyo, ndipo kawirikawiri sikayambitsa mawu. Kamabwera s akatsatira r, u, k kapena i. Kufotokoza kofala n'kwakuti mneniyu ankayenda kwambiri ndi mphatikiram'mbuyo ni-, monga niṣṭhīvati, ndipo ṣ anakakamira ngakhale ni- atachoka. T wa m'katimo ndi amene amachititsa akatswiri ena kulemba muzuwu ndi *spt- koyambirira.

Pali msampha umodzi umene tiyenera kukuchenjezani. Mawu a kulavula amatsanzira phokoso la mlomo ndi lilime, ngati mmene mivekero yathu imachitira. Choncho zinenero zosakhala pachibale zimatha kufanana: Chituruki chimati tükürmek, Chitchaina chimati tu, ndipo zonsezi si za m'banjali. Amene amangosonkhanitsa mawu omveka mofanana amagwera pomwepa. Kutsanzirako kumasokonezanso m'banja mwenimwenimo, poti olankhula amawakonzanso mawu kuti amveke ngati kulavula kwenikweni, ndipo n'chifukwa chake muzuwu sunalumikizike bwinobwino ngati wa bambo kapena wa manambala. Njira yodalirika ndi iyi: pezani liwulo mmene linalembedwera kale kwambiri, chotsani mphatikiri, kenako funsani ngati kusintha kwa lembo lililonse kukupezekanso m'mawu ena a chinenerocho. L wa Chirasha ndi pt wa Chigiriki amapambana mayesowa. Tükürmek alibe lamulo lomulumikiza ku spuere, mneni wa Chilatini woti kulavula.

Ngati muli ndi abale ku Tete kapena ku Angónia, afunseni kulavula m'Chipwitikizi. Adzati cuspir, kuchokera ku conspuere wa Chilatini, ndiye kuti con- kuphatikiza spuere yemwe uja anabereka sputum. Koma saliva, ngakhale ndi wa Chilatini ndipo amakhala pafomu imodzi ndi sputum, si wa muzu umenewu.