Musanakhome chitseko: zimitsani giza kaye, madzi pambuyo

Mayi wina wa ku Nchalo wandilembera imelo. Akupita ku Lilongwe kukadwazika mwana wawo ndipo akakhalako kuyambira Okutobala mpaka mvula itagwa. Akufunsa kuti, "Giza ndiisiye yoyaka? Nanga madzi nditseke?"

Mayi, pepani ndi matendawo. Zonse ziwiri tsekani, koma musasemphanitse. Yambani mwazimitsa giza pa swichi yake ya m'bokosi la magetsi, kenako mutseke valavu ya pafupi ndi mita ya Water Board. Elementi ya m'giza, chitsulo chija chotenthetsa madzi, imayenera kukhala yomira nthawi zonse. Madzi akatsika iyo ikuyaka, imapsa m'kanthawi kochepa, ndipo kuno madzi amatha osatsanzika. Pobwera mudzayambe ndi madzi. Mudzatsegule mpopi wa madzi otentha, uziyamba watsokomola ndi kulavula mpweya mpaka madzi atuluke mosadukiza, ndiye mudzayatse magetsi. Musadzasambe giza isanatenthe kufika madigiri 60, chifukwa madzi ofunda okhalitsa amaswetsa tizilombo todwalitsa mapapo.

Mukawerenga pa intaneti kuti muchotse madzi onse m'mapaipi, amenewo ndi malangizo a kumaiko kozizira komwe madzi amaundana n'kuphulitsa paipi. Ife a ku Chigwa cha Shire mdani wathu ndi dzuwa. Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo paipi ya PVC yomwe ili pamtetete imauma, n'kumathetheka ngati chigoba cha dzira. Ikwirireni, kapena muipake penti. Ngati giza yanu ndi ya sola, machubu ake aphimbeni ndi lona ndipo mumange zolimba, poti madzi osatungidwa amawira tsiku ndi tsiku mpaka timalabala tonse toletsa madzi kudontha kutha.

Chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi mpopi woiwalika. Munthu watsegula m'mawa, wapeza mulibe madzi, wausiya choncho n'kukwera basi. Usiku madzi abwera. Pofika iye, simenti yanyowa, matumba a chimanga amera, bilu nayo yosakambika. Ngakhale mwatseka valavu, yendani chipinda ndi chipinda, mpopi uliwonse muugwire ndi dzanja. Thanki yapamwamba ili ndi valavu yakeyake, musaiiwale.

Chimbudzi cha madzi chimafuna munthu. Timadzi totsalira pansi pa mbale tija ndi timene timatsekereza fungo ndi mphemvu, ndipo kutentha kuno timauma msanga. Siyirani makiyi mnansi wodalirika kuti sabata iliyonse azithira ndowa imodzi, kasinki nako kapu imodzi, n'kutseka chivundikiro kuopa udzudzu. Aziyang'ananso kunja, chifukwa mipopi ya mkuwa imakopa akuba.

Mwati mwina mvula ikupezani komweko. Tonse tikukumbukira namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Ngati nyumba yanu ili kumunsi ndipo muli ndi pampu yokwezera madzi m'thanki, imasuleni, muiike pamwamba m'nyumba musananyamuke.