X-ray ili bwino koma zala zikupindika

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji zala zanu zayamba kupendekera ku chala chaching'ono, mabatani akukuvutani kumanga, chonsecho adokotala akuti X-ray ikuonetsa mafupa abwinobwino. Adokotalawo sakunama, ndipo inunso simukudzinamiza. Lupus yomwe muli nayoyo, matenda omwe chitetezo cha thupi chimaukira thupi lomwelo, kawirikawiri sidya fupa. Imatupitsa minyewa ndi timitsempha togwira mfundo za zala, ndiye kutupako kukamabwerabwera zaka zingapo, timitsemphato timatamuka ngati lasitiki wotha ntchito. Fupa lili bwino, koma choligwira chafooka. X-ray sionetsa zimenezo.

Tayesani izi: ikani chikhatho patebulo n'kuchikanikiza, kapena wongolani chala chopindikacho ndi dzanja linalo. Chikawongoka n'kubwereranso mukachisiya, mwina ndi vuto lomwe amalitcha Jaccoud arthropathy, potengera dzina la dokotala Sigismond Jaccoud amene analifotokoza mu 1869. Chikakaniratu, auzeni adokotala, chifukwa ena amakhala ndi lupus pamodzi ndi nyamakazi ya rheumatoid, yomwe imadyadi fupa. Pali kuyeza magazi kotchedwa anti-CCP komwe kumathandiza kusiyanitsa.

Ine ndikuti musadikire kuti zala ziume. Pano pamene zikuwongokabe ndi pomwe mungazipulumutse. Pemphani akutumizeni kwa a fizo, akupangireni chogwirira dzanja chovala usiku ndi kukuphunzitsani mafizo oyenera. Mpira wofinya uja anthu amaukonda musathamangire, ungowonjezera kupendekako.

Chimene chimapweteka zala kwambiri ndi kupotokola. Kufinya zovala pochapa, kutsegula chivindikiro chothina, kutembenuza kiyi wolimba, zonsezi zimakankhira zala komwe zikupendekera kale. Chovala chikanikizeni ndi zikhatho m'malo mochipota. Chikwama chikolekeni pamkono, osati pazala. Cholembera ndi mswachi zikulungeni kansalu kuti zinenepe, mudzaona kusintha. M'mawa manja akauma, aviikeni m'madzi ofunda musanagwire ntchito.

Mankhwala a lupus aja a hydroxychloroquine musasiye ngakhale mukupeza bwino, kungoti muziyezetsa maso. Mankhwala ochepetsa ululu a ibuprofen ndi diclofenac ongogula nokha samalani nawo, chifukwa amatha kuvutitsa impso, chonsecho lupus payokha imatha kale kuzivutitsa. Ndipo zala zikamayera kenako kuda kukazizira, imeneyo ndi nkhani ina, amati Raynaud, yokhudza kuyenda kwa magazi. Mukaitchulenso tsiku lokaonana ndi adokotala.