Penti wa zidole si wa ku hadiweya

Achemwali, mwafunsa kuti penti wopaka zidole zooneka ngati makanda enieni timamutenga kuti, timasankha bwanji, ndiponso ngati geniyi ili ndi phindu. Phindu lilipo, pakanapanda ilo bwenzi nyumba yanga ya kwa Mpondasi ikadali yofolera udzu. Koma mafunsidwe anuwo akuonetsa kuti mukuyesa ndi nkhani yongokwera basi n'kukatola timabotolo ku Joni. Ambiri anabwera nawo maganizo amenewo, lero ali pa usipa.

Za penti wa ku hadiweya musandiuze n'komwe. Enamel wopaka m'mazenera uja, kaya kyutekisi wa m'zikhadabo, pa vinyl, pulasitiki yofewa imene amapangira zidolezi, sauma. Vinyl yofewa ili ndi mankhwala oifewetsa omwe sagwirizana ndi penti wotere, ndiye mwezi utha chidole chikungomata, fumbi lonse la Mangochi litakhala patsaya pake. Mutu umenewo mwataya basi.

Penti wantchito ndi wa mitundu iwiri. Wowotcha, amene timati heat set, dzina lake lomwe linatchuka kwambiri ndi Genesis, sauma pokhapokha mutamuika mu uvuni pa madigiri 130 kwa mphindi ngati 8, ndipo mumawotcha mobwerezabwereza, kupaka n'kuwotcha, kupakanso n'kuwotchanso. Ndiye taganizirani magetsi athuwa, akuzima mutu wa mwana uli pakati pa kupsa. Uvuniwo ukhalenso wakewake, osati muphikiremo masikono mawa lake. Wina ananena zoti ayesa pa mbaula, ndinangomuyang'ana. Mtundu winawo ndi wouma wokha, air dry, womwe ndi acrylic: Golden, Liquitex, Jo Sonja, Ultimate Fusion. Kuno ndi umene ndimagulitsa kwambiri, ngakhale mu Okutobala umaumira pa siponji usanafike pa khungu. Popanda retarder, mankhwala ochedwetsa penti kuuma, musayambe, mupake m'bandakucha kusanatenthe, ndipo musungunulire madzi oyera aja othira m'batire (distilled, osati asidi), osati a pamjigo. Za zidole za silicone zisiyeni kaye. Pa silicone pamagwira silicone yekha, mtundu mumachita kusakaniza momwemo, ndipo mukangogwira ndi magolovesi a latex sauma mpaka kalekale. Ndalama zake n'zolira nazo.

Kulira kumene ndinalira ine kunali kwina. Mayi wina wa shopu ya zovala za ana ku Blantyre anandipatsa oda yaikulu, ankafuna zidole zoika pawindo ndi zina zogulitsa nyengo ya Khirisimasi. Dipoziti inali yochepa, yotsalayo ndinatenga katapila, poti banki m'khonde yathu sikanakwanitsa. Ndinaoda makiti, ndiye kiti mukudziwa mmene imabwerera: mutu pawokha wopanda maso, manja pawokha, miyendo payokha. Maso anali m'kajumbo kawo, tsitsi la mohair, ubweya wa mbuzi wofewa, m'kajumbo kena. Penti wa mitundu yonse iwiri, thinner, vanishi, zonse m'makatoni awiri omanga bwinobwino.

Pobwera nawo pa basi tinafika pachipata china cha m'malire usiku, sinditchula kuti ndi chiti chifukwa ndimadutsabe pomwepo. Kamnyamata kayunifolomu kanang'amba katoni, kuunika ndi tochi, n'kuona kadzanja ka mwana katatulukira m'pepala. Kukuwa kwake! Anthu a m'basi omwe ndinadya nawo chipisi panjira anayamba kubwerera m'mbuyo, wina akuti ndinamuona kale mayiyu nkhope yake njokhwima. Inali nthawi imene nkhani za ziwalo za anthu zinali pakamwa pa aliyense, ndipo gulu likatero silifunsa kawiri. Ndinatola mutu umodzi, kuufinya, kulowetsa dzanja pakhosi kuti aone kuti m'kati mulibe kanthu. Ena anaseka, ena ayi. Kondakitala anatsitsa chikwama changa, basi n'kunyamuka.

Bwana wawo atabwera anadziwa pompo kuti ndi pulasitiki. Anadziwa! Ndinamuona akumwetulira. Koma anati katundu wotere sanamuonepo, afufuze kaye. Anatsegula foni, kupeza zidole zomaliza kale zimene azungu amagulitsana madola mahandiredi, n'kunena kuti mtengo wa katundu wanga ndi umenewo, msonkho awerengera pamenepo. Ndinamuonetsa lisiti ya makiti osapaka, iye akuti lisiti aliyense atha kulemba. Thinner analanda, akuti amayaka. Mabotolo a acrylic anawatsegula limodzilimodzi kumanunkhiza, akuti mwina muli mankhwala ozunguza bongo, potseka n'kungoikapo zivindikiro mosamanga. Ndipo chimene sindidzamukhululukira mpaka kumanda: anauza kamnyamata kaja kuti kalembe nambala pa chiwalo chilichonse ndi maka. Pachipumi, achemwali. Pachipumi pa mwana aliyense panali nambala yakuda. Atatha anazikulunga m'manyuzipepala n'kuziponya m'shedi yamalata.

Ankadikira ya fanta, ndipo fanta yake inali ya mtengo wa mbuzi zingapo. Ine ndinauma mutu, ndikugona pakhonde la sitolo ndi amayi ogulitsa nthochi, m'mawa uliwonse n'kumauzidwa kuti wosayina sanabwere. Potuluka katunduyo, acrylic yense anali atauma gwaa m'mabotolo. Wowotcha yekha ndiye anapulumuka, poti uja ngakhale mumusiye pululu sauma. Vinyl imamwa inki, ndiye kuwonjezera pa manambala aja, masaya ndi ntchafu zinali ndi zilembo za nyuzi. Mayi wa ku Blantyre anati Khirisimasi siidikira munthu, ndimubwezere dipoziti yake. Wakatapila naye amafika pakhomo dzuwa lisanatuluke, kupereka moni mwaulemu kwambiri, n'kukhala pa mpando osachoka. Puloti yanga ya msewu wa ku Namwera inapita choncho, firiji inapitanso. Bwana uja ndinadzakumana naye pa ukwati wina atavala suti, akuwaza ndalama pa perekaniperekani.

Inki ija ndinalimbana nayo ndi kirimu wa ziphuphu wokhala ndi benzoyl peroxide, kupaka n'kuyanika padzuwa, tsiku ndi tsiku. Zina zinayera, zina zinakana, ndipo musadzinamize kuti mukwirira ndi penti, inki imatulukiranso pamwamba. Zokanazo ndinapatsa mnyamata wina amene ankajambula zithunzi zogulitsa kwa alendo ku Cape Maclear kuti aziphunzirirapo. Lero m'chigawo chino palibe amene amatulutsa khungu la mwana wachikuda kuposa iye, ndipo penti wake yense amagula kwa ine.

Pakhungu lakudapo ndi pamene anthu amaonongera ndalama. Makiti ambiri amabwera otuwa, a khungu la azungu, ndiye munthu amafuna adetse tsiku limodzi, n'kutenga bulawuni wokhuthala kapena wakuda kumene. Chotuluka chake n'chidole cha m'sitolo, choopsa ana. Penti azikhala wamadzimadzi ngati tiyi wopanda mkaka, wopaka ndi siponji kambirimbiri, mitundu ya bulawuni yotchedwa burnt umber ndi raw sienna, kofiira pang'ono pansi pake, misempha ya buluu isanakwiririke. Kayang'aneni khanda lenileni kusikelo. Limabadwa loyererako, nsonga za makutu ndi m'mphepete mwa zikhadabo ndimo mumayamba kuda, zikhatho ndi mapazi kunsi zimakhala zoyera. Wodetsa zikhatho ameneyo sanabereke. Ndipo kiti itsukidwe kaye ndi sopo wa mbale, iume, apo ayi mafuta a kufakitale akana penti. Pomaliza vanishi wosawala, chifukwa mwana wonyezimira palibe amugule.

Ogula alipo, musamve zonena anthu. Ojambula zithunzi, a mashopu a zovala, ophunzitsa azamba, ndi amayi ena amene anataya mwana, awo sindiwafunsa zambiri ndipo mtengo ndimawatsitsira. Ena amachokera ku Mandimba ndi Cuamba kudzera pa Chiponde. Oti ndimakhwimira zidole aliponso, ena ndi achibale anga, amabwera kudzabwereka ndalama zomwezo.

Mudzamva anzanu akutama STR, ndondomeko ya bungwe la zamalonda la COMESA yoti katundu wa amalonda ang'onoang'ono azidutsa m'malire mosavuta. Imeneyo ndi ya katundu wopangidwa m'maiko a COMESA amene ali pa mndandanda, ndipo South Africa ndi Mozambique sali m'bungwelo. Penti wathuyu ngwochokera kutsidya kwa nyanja, mulipira basi. Mitengo muziwerengera mu rand, osati mu kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene anali atalandira dipoziti m'makwacha anagwira ntchito yaulere, ine ndinali nditasintha kale zanga.

Masiku ano pamwamba pa katoni iliyonse ndimaika chidole chimodzi chomaliza, chovala bwino ndi kachipewa, kuti wotsegula ayambe waseka asanaone manja ndi miyendo. Invoisi ikhale yosindikiza, yolembedwa kuti ndi ziwalo za zidole zosapaka. Zivindikiro ndimazimata tepi, kiti iliyonse m'pulasitiki yoyera, ndipo akafuna kulemba nambala ndimawapatsa ndekha timapepala tomata. Thinner sindinyamulanso pa basi.

Sitolo imene ndimaodako sindikuuzani, imeneyo ndinaigula ndi puloti. Ngati mtima ulipobe, bwerani Loweruka mudzagule mwendo umodzi ndi mitundu itatu ya penti, mukayesere kwanu. Ndikadzauona mwendowo ndi pamene tidzakambe za basi.