Funsani Achemwali: Ndingathe masiku atatu pa chombo cha thanga?

Achemwali,

Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu ndipo ndimagwira ntchito pamalo ena ogona alendo. Kumabwera azungu oyenda ndi zikwama kumsana, ndipo awiri mwa iwo anandisimbira za ulendo wa masiku atatu pa chombo cha thanga, kuzungulira zilumba za Bazaruto ku Mozambique. Chimvereni zimenezo mtima wanga sukukhazikika. Ndakhala ndikusunga ndalama ku banki mkhonde chaka ndi theka, pasipoti ndili nayo. Koma nyanja yamchere sindinaionepo, ndipo mayi akuti zimenezi n'za azungu. Kodi n'zotheka kwa munthu ngati ine? Ndiyambire pati?

Wofunitsitsa, Chibavi

Mng'ono wanga, n'zotheka. Ine ndinapita mu Julayi 2018, ndekha, nditabereka chikwama cha pakaunjika chomwe ndinagula mumsika waukulu wa Mzuzu. Mayi musawayankhe mwamwano. Chimene akuopa ndi madzi, ndipo pamenepo sakulakwitsa. Ndikuuzani zomwe ndinaona kuti mukakhale nawo pansi muli ndi zokamba zogwirika.

Zilumbazo zilipo zisanu: Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi kena kakang'ono kotchedwa Bangue. Zombo zimanyamukira pa tauni ya Vilankulo m'chigawo cha Inhambane. Malowa ndi otetezedwa kuyambira mu 1971, ndipo mu 2017 boma la Mozambique linagwirizana ndi African Parks, bungwe lomwe lija limayang'anira Majete, Liwonde ndi Nkhotakota, kuti liziwasamalira. Choncho pali ndalama yolowera, ndipo pokambirana mtengo mufunsiretu ngati ili momwemo. Wina akakunyengererani kuti mupite ku zilumba za Quirimbas kumpoto poti n'kotsika mtengo, mukane. Zili m'chigawo cha Cabo Delgado, komwe kwakhala nkhondo ya zigawenga kuyambira mu Okutobala 2017.

Njira ndi yaitali. Ine ndinatsika ndi basi mpaka ku Blantyre, n'kutulukira pa Mwanza kulowa Zobue, kenako Tete, Chimoio, Inchope, n'kulunjika kumwera pa msewu wa EN1 mpaka kuwoloka mtsinje wa Save. Zinanditengera masiku atatu. Chichewa chimakuthandizani mpaka cha ku Tete, kupitirira apo muyenera kudziwako mawu angapo a Chipwitikizi, ngakhale a moni, manambala ndi kufunsa mtengo. Ndalama yawo ndi metical.

Tsopano chachikulu, chimene munthu wokulira pafupi ndi nyanja yathu sangachiganizire. Ku Nkhata Bay madzi mukawasiya pamwala wakuti m'mawa, madzulo mudzawapeza pomwepo. Nyanja yamchere simatero. Imaphwa n'kudzazanso kawiri pa tsiku, ndipo ku Vilankulo ikaphwa imathawa kutali kwabasi, kusiya mchenga wokhawokha, zombo zitagona chammbali ngati ng'ombe zotopa. Nthawi yakenso imasuntha, tsiku lililonse imachedwerapo mphindi pafupifupi 50, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, kuphwako kumanyanya. Ndiye wolamula nthawi yonyamuka si inu, si kaputeninso. Tsiku loyamba tinauzidwa kuti tifike 6 koloko m'mawa, koma tinanyamuka cha m'ma 9, madzi atafika pansi pa chombo.

Tsiku lachiwiri mphepo inangoti zii tili pakati pa Magaruque ndi Benguerra. Thanga linalendewera ngati nsalu yoyanika pachingwe. Kaputeni, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, analiza kainjini kakang'ono, koma madzi anali atayamba kale kuphwa, ndipo posakhalitsa tinamva pansi pa chombo kuti khwee, takhala pamchenga. Mzungu wina anapsa mtima, akuloza wotchi yake. Kaputeni sanamuyankhe. Anangoponya nangula, mnyamata wophika n'kukoleza makala m'bokosi lodzaza mchenga lomwe ndiye mbaula yawo, ife n'kutsika kuyenda pansi pa nyanja, madzi akulekeza m'akakolo. Ndinaona nkhanu zikuthamangira m'mauna, ndi tinthu tofiira tooneka ngati nyenyezi titangoti mbwee pamchenga. Tinakhala pamenepo maola anayi. Tinadya mpunga wophikira kokonati ndi matapa, chomwe ndi chigwada chotendera ngati cha kwathu ku Nkhata Bay, kungoti iwo amathiramo mkaka wa kokonati. Mwa zonse za ulendowo, chimene ndimachikumbuka kwambiri ndi maola anayi amenewo. N'chifukwa chake ndikuti musakonze zokwera basi yobwerera tsiku lomwe mwatsika m'chombo. Siyani masiku awiri apadera, ndi ndalama ya malo ogona ya masikuwo.

Za kusankha chombo ndilankhula mosapsatira, chifukwa ndi pamene pagona moyo wanu. Nditangofika, mnyamata wina anandipeza pagombe n'kunditchulira mtengo wotsika moti mtima unadumpha. Ndinamuuza kuti akandionetse chombocho. Anthu okwera tikanakhala asanu ndi anayi, koma majekete oyandamitsa ndinawerenga atatu okha, imodzi yoduka zingwe. Pansi panali madzi ofika m'kakolo ndi chigubu chodula chokapira. Ndinathokoza n'kuchoka, ngakhale anandilondola mtunda wautali akutsitsabe mtengo. Chimene ndinakwera ndinachipeza kudzera kumalo amene ndinagona, ndipo ndinalipira pafupifupi kawiri. Inunso chitani chimodzimodzi: pitani mukachione ndi maso anu dzulo lake. Werengani majekete ndipo yanu muiyese. Funsani ngati pali injini yothandizira mphepo ikaleka, mafuta okwanira, madzi akumwa angati, denga la mthunzi, ndi foni kapena wailesi yoitanira thandizo. Funsaninso kumene muzikagona. Ife tinkagona m'matenti kugombe la kumtunda, chifukwa pazilumbapo saloleza kumanga tenti paliponse, ndipo mahotela ake ndi a anthu a ndalama zawo. Musapereke ndalama yonse musanakwere.

Thupi nalo lidzayesedwa. Ife akuda timadzinamiza kuti dzuwa silitiwotcha. Ine tsiku lachitatu mapewa anali akusupuka, milomo itang'ambika, chifukwa dzuwa la panyanja limamenya kuchokera kumwamba ndi pamadzi pomwe, kamphepo n'kumakupusitsani kuti sikukutentha. Tengani chipewa chachikulu chomanga ndi chingwe, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu. Imwani madzi ngakhale musanamve ludzu. Mseru ukayamba musagone pansi kapena kuyang'ana pafoni. Khalani pakati pa chombo, maso ali kutali komwe nyanja yakumana ndi thambo. Mapiritsi a mseru amamwedwa musanakwere, ndipo kugombe kuli udzudzu, ndiye za malungo mukambirane ndi achipatala musananyamuke.

Zitenje tengani ziwiri. Chimbudzi m'chombo munalibe, ndipo chitenje ndicho chinkanditchinga, chomwecho chinali thawulo, chofunda, ndi mthunzi. Madzi osamba opanda mchere musawayembekezere kwambiri, khungu limachita nyatanyata mpaka mutabwerera. Tsitsi mulukiretu. Pasipoti, ndalama ndi foni ndinazikulunga m'majumbo awiri n'kuziika m'kabotolo ka pulasitiki kotseka bwino, chifukwa potsika mumayenda m'madzi ofika m'chiuno chikwama chili pamutu.

Nanga n'chiyani chimene munthu amavutikira chonchi? Pakati pa Bazaruto ndi Benguerra pali matanthwe a pansi pa madzi otchedwa Two Mile Reef. Atandiveka magalasi ndi kapaipi kopumira, ndinaviika nkhope n'kuona nsomba za mawanga zazikulu ngati mbale, ndipo mbuna zathu za ku Nkhata Bay zinabwera m'maganizo mwanga ngati tiana tawo. Pa Bazaruto tinakwera phiri la mchenga wokhawokha, mapazi akutitimira, ndipo pamwamba ndinaona mbali imodzi nyanja yobiriwira, mbali ina tinyanja ta madzi abwino momwe muli ng'ona. M'madzi amenewa mumakhalanso nyama yosowa yotchedwa dugong, yoyamwitsa, yomwe imadya udzu wa pansi pa nyanja. Kaputeni anayesetsa kutiyang'anira koma sitinaione.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, nthawi yomwe kuno ku Mzuzu timayamba ndi kunjenjemera ndi chisanu. Juzi mutenge ndithu, usiku kugombe kumazizira. Miyezi ya mvula ikhale kutali ndi inu, ndiyo ya anamondwe. Freddy uja anatiliza mu Malichi 2023, ku Mozambique poyamba anatsikira kumtunda pafupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale, asanabwerere m'nyanja n'kudzalowanso cha ku Quelimane.

Mwafunsa kuti muyambire pati. Yambirani pakhomo. Nkhata Bay ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pano. Kwerani Ilala, yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira mu 1951, mupite ku Chizumulu ndi ku Likoma, mukaone tchalitchi chachikulu cha St Peter's, mukagone malo otchipa ndi chikwama chomwecho. Mukadzakumana ndi mwera muli pakati pa nyanja, mudzadziwa mmene mimba yanu imachitira ndi mafunde, mudzadziwanso katundu amene munanyamula pachabe. Ngati mayi angalole, apite nanu. Mukabwerako mundilembere, tidzawerengere limodzi ndalama ya ku Vilankulo.

Achemwali,

Ndine bambo wa zaka 34, ndimakhala ku Luwinga. Anzanga akukonza ulendo wa pa boti koma ine sinditha kusambira, ndipo ndikuchita manyazi kuwauza. Nditani?

Wamanyazi, Luwinga

Achimwene, auzeni lero lomwe, ndipo tsiku la ulendo woyamba kumuuza akhale woyendetsa botilo, musanaponde n'komwe. Akadziwa, amakukhazikani pakati ndipo diso lake limakhala pa inu. Jekete muvale musanakwere, mumange zingwe zonse mothina, chifukwa yolendewera imakwera kumutu munthu akagwa m'madzi. Musaivule ngakhale anzanu avule zawo, ndipo mowa udikire mpaka mutatsika. Ngati ulendowo udakali kutali, pezani munthu wodziwa kusambira bwino mupite naye ku Chikale Loweruka lililonse m'mawa, nyanja isanayambe kuwinduka. Muyambire m'madzi ofika m'chiuno, ndipo choyamba kuphunzira chikhale kugona chagada pamadzi n'kumapuma modekha.